Gulu lathu likumane pati? Kuyerekeza WhatsApp, Facebook ndi Telegram kwa ife a ku Joni

Loweruka lina m'mawa uthenga wa maliro unalowa pa gulu lathu la WhatsApp. Mnyamata wa kwathu, yemwe ankasamalira maluwa pa nyumba ina ku Randburg, anamwalira usiku kuchipatala. Mlembi wathu analemba zonse bwinobwino: dzina, mudzi, mfumu, ndalama yoti aliyense apereke ndi tsiku lomaliza kusonkha. Pofika masana uthengawo unali utakwiririka. Pambuyo pake panabwera "pepani" oposa 100, masitika a manja opemphera, kanema wa mlaliki, ndi mayi wina wotsatsa usipa ndi ufa wa kondowole zomwe zinangofika ndi basi. Amalume ake a malemuyo, omwe amagwira ntchito ya usiku ku Germiston, anatsegula foni madzulo, anaona mulu wa mauthenga, nkuibweza m'thumba. Za imfa ya mwana wa mlongo wawo anakazimvera kutchalitchi Lamulungu.

Sindinganene kuti alipo anachimwa. Opepesa ankapepesa ndi mtima wonse, ndipo mayi wa usipa uja ankasaka ya lendi ngati tonsefe. Cholakwika chinali kamangidwe. Tinaika maliro, msika, mapemphero ndi nthabwala m'chipinda chimodzi. Kumudzi pakagwa zovuta anyamata amathyola masamba nkuyala pamsewu, ndipo wodutsa aliyense, ngakhale mlendo, amatsika panjinga nkutsitsa mawu. Gulu la pa foni likufunikanso masamba ake.

Ndakhala admin wa gulu la maliro la anthu a boma lathu kwa zaka zinayi, ndipo chichitikireni zimenezi komiti yathu yayesa njira zingapo. Ndikulembera inu amene mukufuna kutsegula gulu la mpingo, la chipeleganyu, la maliro kapena la osaka ganyu, kapenanso kusamutsa lomwe lilipo kale.

Muyeso wake tisanasankhe

Yambani ndi foni ya munthu wovutikitsitsa pagulupo. Ngati amayi ena a ku Diepsloot ali ndi kafoni kodzadza kale, ndipo amagula bandulo ya WhatsApp yokha, muyeso wanu ndi umenewo. Musayezere foni ya a tcheyamani omwe amagwiritsa ntchito Wi-Fi ya abwana ku Sandton.

Kenako funsani ngati uthenga wofunika ungapezekenso pakatha sabata, popanda kupukusa chala mpaka kutopa.

Chachitatu ndi mlendo, ndipo kwa ine apa ndi pamene ubwenzi wa gulu umaonekera. Taganizani za mtsikana amene watsika dzulo pa Park Station, atayenda masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Achemwali ake amulowetsa pagulu. Kodi apeza malamulo ndi mayankho akale atamudikira, kapena afunsa komwe angatumizire ndalama kumudzi, wina nkumuyankha kuti "tinanena kale zimenezo"? Woyankhidwa chotero safunsanso, ngakhale tsiku limene wadwala.

Chachinayi ndi nambala za foni. Pakati pathu alipo omwe masiku awo a m'pasipoti anatha, alipo amayi othawa nkhanza za m'banja, alipo atsikana omwe safuna kuimbiridwa pakati pa usiku ndi bambo wosamudziwa. Ndi bwino kudziwiratu amene adzaone nambala zawo.

Chomaliza ndi zida za admin. Wolakwa timamuitanira kuseri kwa nyumba, sitimukalipira pabwalo. Malo abwino ndi amene amalola kufufuta chonyansa msanga, kuziziritsa mkangano, ndi kusiyira ena makiyi pamene mwini wake wabwerera kumudzi.

Njira yoyamba: gulu limodzi la WhatsApp

Mtengo. Iyi ndi yotchipa kwambiri. Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C amagulitsa mabandulo a WhatsApp otsika mtengo kusiyana ndi data wamba, ndipo kumudzi Airtel ndi TNM alinso ndi mabandulo a macheza, kotero abale a ku Mangochi kapena ku Ntcheu atha kukhala nawo. Mtengo wobisika uli pa makanema. Kanema mmodzi wa kwaya wotumizidwa kwa anthu 300 amadya data ya anthu 300. Uzani aliyense tsiku loyamba lomwe kuti azimitse zoti zithunzi ndi makanema zizitsika zokha. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimadya malo pa 15GB yaulere ya Google, ndiye gulu laphokoso limadzadza foni ndi akaunti yomwe.

Kupezeka. Pafupifupi aliyense ali nayo kale. Amene kulemba kumawavuta amatumiza voice note, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ndipo nkhani imayenda. Kuyambira 2022 gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, koma kwa ine likadutsa 150 anthu amayamba kulankhulana ngati osadziwana.

Kusamalira. Apa ndi pamene pali thukuta. Zida zilipo ndithu: admin atha kukhomerera uthenga pamwamba kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, atha kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse, atha kutchera kuti wolowa kudzera pa linki adikire chilolezo, atha kutseka gulu kuti azilemba ma admin okha. Chida chomalizachi ndiye masamba athu. Masiku ano maliro akalengezedwa timatseka gulu kwa maola atatu, uthenga ukhale wokha pansi, aliyense wotsegula foni akumane nawo. Zopepesa zimabwera pambuyo, ndipo timapempha kuti zipite kwa anamfedwa mwachindunji. Timatsekanso usiku kuyambira 9 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, chifukwa mikangano yambiri yomwe ndaiona inayamba anthu atatopa kapena atalawako. Vuto lomwe silichoka ndi la mlendo uja: wolowa kumene saona zokambirana zonse zakale, ndiye malamulo alembedwe pa malo ofotokozera gulu, ndipo pakhale munthu mmodzi, osati admin aliyense, amene ntchito yake ndi kulonjera olowa kumene pa inbox. Kwathu amachita zimenezi ndi amayi ena achikulire a ku Rosettenville, ndipo "takulandirani mwanangu, kwanu ndi kuti?" wawo wasunga anthu ambiri kuposa malamulo onse omwe ndinalemba.

Ma admin akhale atatu kapena kuposerapo, okhala madera osiyana. Amene anatsegula gulu sangachotsedwe ndi ma admin anzake, kotero musalole kuti litsegulidwe ndi munthu amene simungathe kukhala naye pansi mukasemphana.

Zoopsa. Aliyense pagulu amaona nambala ya aliyense. Palibe batani lothetsera zimenezi pa gulu wamba. Wakuba mmodzi akalowa, watenga mndandanda wonse. Chinyengo chofala ndi cha manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa SMS potsimikizira mwini akaunti: uthenga umabwera ngati wochokera kwa mnzanu, "achimwene, ndatumiza code kwa inu molakwitsa, tanditumizireni." Mukatumiza, akaunti yanu yapita, ndipo wakubayo ayamba kupempha chipepeso m'dzina lanu. Mankhwala ake ndi kutchera PIN ya two-step verification, ndipo ife timachitira limodzi pamsonkhano, foni ndi foni.

China chomwe ambiri sachidziwa: munthu akabwerera kumudzi amapitiriza kugwiritsa ntchito WhatsApp ya nambala ya ku Joni, koma SIM yake yagona m'chikwama. Pakatha miyezi kampani imapereka nambalayo kwa munthu wina, ndipo mwini watsopanoyo akalembetsa WhatsApp atha kupezeka ali m'magulu onse a mnzathu uja. Wopita kumudzi asinthe nambala mkati mwa WhatsApp momwemo asanakwere basi.

Ndiye pali mphekesera. Mu Seputembala 2019, pamene masitolo ankaphwanyidwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, m'mafoni munadzadza makanema, ena akalekale, ena a m'mayiko ena, ndipo a Africa Check, bungwe lofufuza ngati nkhani zofala ndi zoona, anatsutsa angapo. WhatsApp inachepetsa kutumiza uthenga umodzi kufika pa macheza 5 mu 2019, ndipo mu 2020 inati uthenga woyendayenda kwambiri uzipita kumodzi kokha pa nthawi, koma mantha sadikira malire amenewo. Lamulo lathu ndi lakuti wonena za zipolowe kapena za apolisi atchule malo, nthawi, ndiponso ngati waona ndi maso ake. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pa 31 Ogasiti 2023, womwe unapha anthu 76 kuphatikizapo Amalawi anzathu, unatiphunzitsa lamulo lina: chithunzi cha mtembo sichiikidwa pagulu, ndipo dzina la womwalira silitchulidwa banja lisanauzidwe. Mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira kuyambira 2016, koma screenshot imodzi imatulutsa zonse panja. Lamulo la Cybercrimes Act, lomwe zigawo zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021, limalanga uthenga woopseza munthu, wolimbikitsa ziwawa kapena kuononga katundu, ndi kufalitsa zithunzi za umaliseche wa munthu popanda chilolezo chake. Chilango chimatha kufika zaka zitatu m'ndende.

Njira yachiwiri: Community ya WhatsApp

Iyi inabwera mu Novembala 2022. Ndi nyumba imodzi ya zipinda zingapo: chipinda cha zolengeza momwe amalemba ma admin okha, ndi magulu ang'onoang'ono pansi pake omwe munthu amasankha kulowa.

Mtengo. Bandulo yomwe ija ya WhatsApp imakwanira. Kwa ambiri data imatsika, poti amene safuna makanema a mpira salowa chipinda cha mpira.

Kupezeka. Palibe chotsitsa chatsopano, bola WhatsApp ikhale yosatsalira kwambiri. Chovuta ndi kuzolowera. Ife zinatitengera misonkhano iwiri kuti akuluakulu amvetse chifukwa chake pa foni pakuoneka magulu anayi a dzina lofanana, ndipo abambo ena anatuluka poganiza kuti tawachotsa.

Kusamalira. Ntchito imagawika, ndipo ichi ndi chimene ndimaikondera. Chipinda cha malonda chili ndi admin wake, yemwenso ndi wamalonda ndipo amadziwa amene amanamiza anthu. Chipinda cha ganyu chili ndi lamulo limodzi lolimba: ntchito yofuna kuti uyambe walipira siikidwa. Mayi wa usipa uja tsopano amagulitsa bwino kuposa kale, chifukwa olowa m'chipinda chake ndi ofuna kugula. Koma musachulukitse zipinda. Tinayamba ndi zisanu ndi ziwiri, zitatu zinafa pasanathe mwezi, ndipo chipinda chozizira chimagwetsa ulesi kuposa chaphokoso. Chipinda cha zolengeza chisadutse mauthenga awiri kapena atatu pa sabata, apo ayi anthu amachitseka pakamwa ndipo mwabwerera pomwe munayambira.

Zoopsa. M'chipinda cha zolengeza nambala yanu imaoneka kwa ma admin, osati kwa khamu lonse, ndipo kwa amayi ambiri ichi chokha ndi mpumulo. Mukangolowa chipinda chaching'ono, onse a m'menemo aiona. Choopsa china ndi mphamvu: ma admin a pamwamba ndi amene ali ndi pakamwa pa gulu lonse, ndipo akakhala a mbali imodzi pa mkangano wa ndalama, enawo amasowa polankhulira. Tinagwirizana kuti mmodzi mwa ma admin asakhale wa mu komiti.

Ena amafunsa za Channel ya WhatsApp, yomwe inafika mu 2023. Imabisa nambala za otsatira, koma ndi chimkuzamawu chabe: mmodzi amalankhula, ena amamvera. Ndi yabwino pa zolengeza za mpingo waukulu, koma anthu sadziwana nayo.

Njira yachitatu: gulu la Facebook

Mtengo. Imadya data kuposa WhatsApp chifukwa munthu sangolowa pagulu lokha. Amadutsa pa makanema odziyambira okha ndi zotsatsa. Facebook Lite imachepetsako, koma bandulo ya WhatsApp yokha siigwira.

Kupezeka. Achinyamata ndi amalonda ambiri ali nayo, kuno ndi kumudzi komwe, ndipo gulu limatha kukula mpaka anthu zikwizikwi. Koma si onse amene amaitsegula tsiku ndi tsiku, ndipo chimene munthu aone poyamba amasankha ndi makina a Facebook, osati mlembi wanu. Uthenga wa msonkhano wa Loweruka utha kumufika munthu Lolemba.

Kusamalira. Pa kalandiridwe ka mlendo, Facebook imaposa WhatsApp kutali. Nkhani iliyonse imaima payokha ndi mayankho ake pansi, ndiye funso la kukonzetsa pasipoti ku ofesi ya kazembe silisakanikirana ndi la chipinda cha lendi ku Turffontein. Zakale zimasakika ndi liwu limodzi. Wofuna kulowa mutha kumufunsa mafunso mpaka atatu, ndipo yankho la funso ngati "kwanu ndi boma liti, mfumu yaikulu ndani?" limasefa akuba ambiri. Mutha kutcheranso kuti nkhani iliyonse ionedwe ndi admin isanatuluke, koma pa gulu lalikulu imeneyi ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo admin akachedwa anthu amati akukondera.

Zoopsa. Nambala yanu sioneka, koma nkhope yanu, ana anu ndi komwe mumagwira ntchito zimaoneka kwa aliyense wotsegula dzina lanu. Pa gulu la Public, zolemba zanu aziwerenga ngakhale abwana anu ndi anthu odana ndi obwera. Gulu la Amalawi kuno likhale la Private, palibe kukambirana. Maakaunti abodza ndi ambiri, makamaka otsatsa ntchito za m'nyumba ndi "othandiza mapepala". Samalaninso ndi kuyalutsana, komwe kumachitika kawirikawiri wina akathawa ndi ndalama za chipeleganyu. Mu 2013 khoti lalikulu ku Pretoria linalamula anthu awiri kulipira R40,000 chifukwa cha mawu onyoza pa Facebook, ndipo mmodzi mwa iwo sanalembe kanthu. Dzina lake linangomangiriridwa pa zolembazo iye osalichotsa. Kuika chithunzi cha pasipoti ya wangongole pagulu kumakhudzanso lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021.

Njira yachinayi: Telegram

Mtengo. Pulogalamuyo ndi yaulere, koma imafuna data wamba. Ubwino wake ndi wakuti zinthu zimasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, ndiye mutha kufufuta pa foni kuti mupeze malo, nkudzazitsitsanso mukazifuna.

Kupezeka. Apa ndi pamene imagwera. Tinayesa kusamukirako, ndipo pa anthu athu onse analowa ndi achinyamata ochepa ndi ana a sukulu. Akuluakulu omwe amasonkha mokhulupirika mwezi ndi mwezi anatsala. Gulu la maliro lopanda akuluakulu si gulu, ndiye tinabwerera.

Kusamalira. Kunena zoona, zida zake ndi zomwe ndikanakonda WhatsApp ikanakhala nazo. Gulu limafika anthu 200,000. Kuyambira 2022 limagawika m'mitu mkati mwa gulu limodzi. Wolowa kumene atha kuona zakale zonse ngati admin walola. Pali slow mode, yomwe imachititsa kuti munthu akalemba adikire, kuyambira masekondi ochepa mpaka ola limodzi, asanalembenso. Mkangano wotentha umazizira wokha popanda kuchotsa munthu. Admin aliyense mutha kumupatsa mphamvu zakezake, wina wofufuta basi, wina wolowetsa anthu basi.

Zoopsa. Nambala mutha kuibisa kwa onse nkumadziwika ndi dzina losankha, zomwe zimateteza ofooka komanso zimabisa akathyali. Otsatsa "forex" ndi bitcoin yochulukitsa ndalama amalowa pa inbox osaitanidwa. Ambiri amaganiza kuti Telegram ndi yachinsinsi kuposa WhatsApp, koma pa magulu si choncho: mauthenga a pagulu sali otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ndipo mu Seputembala 2024 kampaniyo inalengeza kuti itha kupereka nambala za foni kwa aboma pakakhala pempho lovomerezeka ndi lamulo.

Buku ndi SMS

Ndikuziika pano mwachidule chifukwa njira zinayi zija zonse zimafuna magetsi ndi intaneti. Tonse tikukumbukira 2023, pamene Stage 6 inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, mabatire a nsanja za mafoni nkutha nawo. Mtengo wa buku la hadikava ndi wochepa, SMS imafika ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo kusamalira kwake ndi dzanja la msungichuma ndi siginecha ziwiri. Choopsa chake ndi kutayika kapena kunyowa, ndiye tsamba lililonse likadzadza lijambulidwe nkutumizidwa kwa ma admin onse. Ndalama zosonkha zisakhale ndi umboni wa pa macheza okha. Foni ikabedwa pa siteji ya ma taxi ya MTN Rank, mbiri ya chaka chonse yapita nayo.

Njira iti kwa ndani

Chipeleganyu cha anthu 10 kapena 20 odziwana kale, kaya ogwira ntchito limodzi ku Fordsburg kaya okhala pa yadi imodzi ku Cosmo City: gulu limodzi la WhatsApp, ma admin awiri, ndi buku. Zoposa apa ndi katundu wolemetsa chabe.

Gulu la maliro, mpingo kapena mzikiti wa anthu oposa 100, momwe muli achikulire ndi amayi ofuna kuti nambala zawo zisamwazike: Community ya WhatsApp ya zipinda zitatu, cha zolengeza, cha macheza ndi cha malonda ndi ganyu. Maliro akagwa, onjezerani SMS kapena kuimba kwa abale enieni musanalengeze.

Gulu lalikulu la anthu osadziwana, lofuna kuthandiza obwera kumene pa za nyumba, mabasi, katundu wopita kumudzi ndi zikalata: Facebook ya Private, ya mafunso atatu pakhomo ndi ma admin osachepera asanu osinthana masiku. Za ndalama ndi za mapepala a munthu zisakambidwe pamenepo; zipite pa inbox ya admin wodziwika nkhope.

Ophunzira a ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ, ndi achinyamata ogawana mabuku, ma CV ndi mafayilo akuluakulu, omwe Wi-Fi amaipeza pasukulu kapena kuntchito: Telegram ya mitu, nambala zobisidwa, slow mode yoyatsidwa pa mutu wa ndale.

Abusa kapena a komiti ofuna kungofikitsa nthawi ya mapemphero ndi malo a msonkhano kwa anthu ambiri popanda mayankho: Channel ya WhatsApp, ndi nambala imodzi yolembedwa pamwamba yoti wofuna kufunsa aimbepo.